Mulungushi Textiles: China wa a Mao anapita, tikambilane ndi China wa lelo

Chisankho chikayandikila, dzina la Mulungushi Textiles limabwelanso pakamwa pa andale. Aliyense wokulila mu Kabwe anamvapo lonjezo lakuti makina a pa fakitale ija ya mu Great North Road adzalilanso. Mu 2016, kutatsala masiku ochepa kuti tivote, kunachitika ngakhale mwambo woitsegulanso, koma chitenge chake sitinachione pa msika. Nkhani yoiukitsa inabwelanso ndi mphamvu a Hichilema atapita ku Beijing mu September 2023. Ine ndifuna fakitaleyi igwile nchito monga mmene aliyense afunila. Chondivuta ndi mmene timakambila nkhaniyi. Tikatsegula mafoni pa wailesi, ena amati China ndi bwenzi lathu la pa mvula ndi pa dzuwa, ena amati Machaina anabwela chabe kudzatidyela. Onsewa akamba za mtima wa China. Za pangano lenileni palibe amene afunsa.

Ubwenzi unalipo, zimenezo sitingakane. Zambia inapanga ubale ndi China pa 29 October 1964, patangopita masiku asanu chilandilile ufulu. Ian Smith atalanda ulamulilo ku Rhodesia mu 1965, njila yathu yotumizila kopa kum'mwela inakhala m'manja mwa adani. Maiko a azungu anakana kumanga njanji yopita ku Dar es Salaam, ati siidzabweza ndalama. A Kaunda anapita ku Beijing mu 1967, ndipo China, imene panthawiyo inali yosauka maningi, inavomela. Kuyambila 1970 mpaka 1975 anamanga TAZARA, makilomita 1,860, mpaka pa Kapiri Mposhi pafupi ndi ife apa, ndi ngongole yopanda chiwongoladzanja. Mulungushi Textiles inabadwa mu mzimu womwewo, ndipo inayamba kuluka nsalu kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980.

Koma China ameneyo anali wa a Mao Zedong, amene anali kufuna mabwenzi pa ndale za dziko lonse kuposa phindu. A Mao anamwalila mu 1976. Mu 1978 a Deng Xiaoping anatembenuza chiwongolelo, ndipo kuchokela pamenepo fakitale inayamba kuweluzidwa ndi mabuku a ndalama. Amene anafika mu Kabwe mu 1997, pamene kampani ya nsalu ya ku Qingdao inatenga magawo 66 pa 100 a fakitale ndipo boma lathu linatsala ndi 34, anali anthu a bizinesi. Ganizilani izi: mu 1998 boma la a Zhu Rongji linalamula kuti m'mafakitale a nsalu a boma ku China aphwanye makina akale opotela ulusi, ndipo anthu pafupifupi 1.2 miliyoni a m'mafakitale amenewo achotsedwe nchito. Dziko limene linachita zimenezi kwa ana ake silikanasunga fakitale yoluza ku Kabwe chifukwa cha zithunzi za a Kaunda ndi a Mao.

Ndiye zinatelo. Makolo athu amene anagwila nchito kumeneko amakumbukila malipilo ochepa, nchito za ganyu zopanda penshoni, ndi sitalaka. Kwinaku China inalowa m'bungwe la zamalonda la WTO mu 2001, ndipo mu January 2005 malile amene anali kuchepetsa nsalu zake pa msika wa dziko lonse anachotsedwa. Nsalu yotchipa yochokela ku China komweko inadzaza m'mashopu, pamwamba pa salaula imene inali itasefukila kale kuyambila nthawi ya a Chiluba. Mu 2007 makina anaima. Anthu oposa 1,000 anapita kunyumba, mu tauni imene mgodi wake unali utatsekedwa kale mu 1994 n'kutisiyila mtovu m'dothi la ku Kasanda ndi ku Chowa.

Manje apa ndi pamene ndifuna achinyamata anzanga timvetsetsane. Ngati pali chinthu chofunika kutengela ku China, ndi mmene iwo anachitila ndi alendo amene anabwela kudzatsegula mafakitale kwao. Mu 1979 anakhazikitsa lamulo la makampani ogawana pakati pa mlendo ndi mwini dziko. Volkswagen itafika ku Shanghai mu 1984, inagawana kampani pakati ndi pakati ndi Machaina. Poyamba galimoto ya Santana inali kungolumikizidwa ndi zipangizo zochokela ku Germany, za ku China zinali zochepa monga matayala ndi wailesi. Boma linaumilila chaka ndi chaka kuti zipangizo zipangidwe komweko, ndipo patapita zaka khumi zambili zinali za m'dzikomo. Kwa zaka zoposa 20 kampani ya magalimoto yakunja siinali kuloledwa kukhala ndi magawo opitilila theka. Mu 2004, pogula masitima othamanga kwambili kwa Kawasaki ndi Alstom, anaika m'pangano kuti luso lisamukile kwa mainjiniya ao. Imodzi mwa mafakitale amene anaphunzila luso limenelo ili ku Qingdao, mzinda womwe uja wa anzathu a pa Mulungushi. Iwo adziwa bwino mmene pangano lolimba limaonekela, chifukwa analilembapo okha.

Wina adzati, iwe, China ili ndi anthu 1.4 biliyoni, ife tili chabe pafupifupi 20 miliyoni, ndiponso tinalephela kulipila ngongole mu November 2020, ndipo mbali yaikulu ya ngongole ya kwa maboma ena ndi ya ku China. Wopempha salamula. Zoona, mphamvu zathu sizifanana. Koma sitili chimanjamanja. Thonje limalimidwa kuno, ku Mumbwa, ku Chibombo, ku Katete ndi ku Chipata, ndipo lambili limatuluka m'dziko lisanasanduke ngakhale ulusi. Boma lokha limagula mayunifomu a asilikali, apolisi, manesi ndi akaidi, ndipo makolo amagula a ana a sukulu chaka chilichonse. Congo ili pafupi, ndipo azimai a kumeneko chitenge sachileka. Zimenezi ndi zinthu zoika pa tebulo.

Salaula ndiye yovuta. N'zosavuta kukamba kuti tiitseke, koma pitani pa msika wa mu tauni muwelenge mabanja amene amadya chifukwa cha belo limodzi. Rwanda inakweza msonkho wa zovala zakale mu 2016, ndipo mu 2018 America inaichotsela mwai wogulitsa zovala kumeneko popanda msonkho. Ine sindikhulupilila kuti Mulungushi ingapikisane ndi shati ya salaula. Ingapikisane pa chitenge, pa yunifomu ndi pa nsalu za m'zipatala, ngati magetsi alipo. Tonse tikumbukila mmene chilala cha 2024 chinaumitsila Kariba, ndipo makina oluka sagwila nchito ndi kandulo.

Palinso za madzi. Fakitale ya nsalu imagwilitsa nchito utoto ndi mankhwala ambili. Titaona zimene zinachitika mu February 2025, pamene damu la zinyalala la Sino-Metals ku Chambishi linagumuka n'kuthila asidi m'madzi opita mu Kafue, tauni ngati yathu, imene ikali kuvutika ndi mtovu, siyenela kuchita manyazi kufunsa kumene madzi a utoto adzatayidwa.

Kuyambila December 2023 tili ndi lamulo la Access to Information, ndipo boma lili ndi magawo mu fakitaleyi, ndiye kuti ifenso ndife eni ake. Mafunso amene ndifuna kumva achinyamata akufunsa aphungu athu a Kabwe Central ndi Bwacha ndi osavuta. Pa anchito onse, ndi angati adzakhala pa kontilakiti yokhazikika? Makina akawonongeka, adzakonza ndi mwana wa ku Makululu amene anaphunzila pa Kabwe Institute of Technology, kapena tidzayembekezela munthu wochokela ku Qingdao? Mlimi wa thonje adzauzidwa mtengo asanabzale kapena atakolola? Ndipo mnzathu wa ku China akadzaona kuti phindu lachepa n'kunyamula chikwama monga mu 2007, pangano likuti makina ndi ndalama za anchito zidzatsala m'manja mwa ndani?