Chikwama Chakutsogolo kwa Njinga Chimafuna Msana

Mlimi amasamala kwambiri za kaliyala wa njinga yake. Amaonetsetsa kuti ndi wolimba, katundu amamumanga bwino ndi malegeni, ndipo ngati njingayo ndi ya Buffalo amadziwa kuti kumbuyoko kungathe kusenza makilogalamu 100. Koma tayang'anani kutsogolo kwa njinga yomweyo. Mudzapeza kachikwama kansalu kakulendewera pachiwongolero, kakugwedezeka uku ndi uku, kunsi kwake kukukhula tayala. Chodabwitsa n'chakuti m'kachikwama konyozekako ndimo mumakhala zinthu zamtengo wapatali: foni, ndalama za kumsika, buku lolembamo za kumunda, timapaketi ta mbewu za ndiwo zamasamba, nthawi zina mazira kapena katemera wa chitopa. Thumba la chimanga limayenda mwaulemu kumbuyo, pamene zinthu zosachedwa kusweka zikuvina kutsogolo.

Maganizo anga ndi akuti wophunzira aliyense, asanachoke pano, adziwe kupanga ndi manja ake cholimbitsira chikwama chotere, ndipo luso limeneli liziwerengedwa pamodzi ndi kunola khasu ndi kumata chubu. Ena adzaseka kuti nkhaniyi ndi yochepa kwambiri. Oseka otero sanaonepo zimene zimachitika lamba wa chikwama akakodwa m'masipoko pamtsetse: gudumu lakutsogolo limaima pomwepo, wokwera n'kupitiriza ulendo yekha njinga itatsala. Ngakhale ngozi isachitike, nsalu yokhula tayala tsiku ndi tsiku imabooka, ndipo chikwama chofewa chimatsamira zitsulo kapena mawaya a mabuleki mpaka kuwalepheretsa kubwerera m'malo mwake. Pa njinga zachikale, monga za Eagle zimene zinkapangidwa ku Chipata, zitsulo za mabuleki zimatsika kutsogolo kwenikweni, pomwe chikwama chimagona.

Ambiri amathamangira katoni, chifukwa ili pafupi. Katoni imatumikira bwino mpaka mvula yoyamba, kenaka imasanduka phala. Thabwa lopyapyala limalemera ndipo limafufuma ndi chinyezi. Nsungwi zoluka ndi zabwino kwa amene ali ndi dzanja loluka, ngakhale kuti nsonga zake zimakonda kulasa nsalu. Ine ndimasankha chigubu chachikasu cha malita 20 cha mafuta ophikira, makamaka chimene chinang'aluka kale moti sichisunganso madzi. N'chopepuka, sichiola, sichichita dzimbiri, ndipo mpeni wakuthwa umachidula.

Nzeru yonse ili pangodya. Pulasitiki wodulidwa pamalo osalala amapindika ngati tsamba la nthochi, koma pamene chigubu chinakhotera m'chikombole cha kufakitale m'polimba kwambiri. Choncho musadule zidutswa ziwiri zoti mulumikize. Dulani chidutswa chimodzi chodutsa pangodya, kuti mbali ina ikhale msana wotsamira chiwongolero, ina ikhale pansi pa chikwama. Yezani chikwamacho mkati ndi kamtengo, ndipo chidutswacho chichepe ndi chala chimodzi mbali zonse kuti chilowe osakoka misoko. Nsonga zinayi zija muzidule mozungulira, m'mphepete mukhule pamwala kufikira chala chitadutsapo osamva kukanda. Amene adumpha ntchito yokhulayi amagula chikwama china mwezi usanathe.

Pano ndiyenera kulankhula molimba, popeza tonse tikudziwa chigubu chimene chimapezeka msanga pakhomo la mlimi: cha mankhwala ophera udzu kapena tizilombo. Musachikhudze pa ntchito iyi. Pulasitiki amamwa ena mwa mankhwalawa, ndipo sopo sawachotsa onse. Malangizo akuti titsuke chigubu katatu ndi kuchiboola cholinga chake n'chakuti chitayidwe popanda wina kuchitola, osati kuti chiyeretsedwe n'kulowa m'nyumba. M'chikwama chakutsogolo mumalowa chinangwa chowotcha cha paulendo, mumalowa mabanzi ogulira ana, mumapisa dzanja limene posachedwa lipita kukamwa. Dzuwa la Okutobala likatentha chikwamacho, chimene chinabisala m'pulasitiki chimatuluka. Ngati chigubu cha mafuta palibe, ndowa yosweka ya pulasitiki ingathandize. Ngati nayonso palibe, dikirani.

Pomangirira, tenthetsani msomali pamoto ndi kuboola mabowo awiriawiri kumwamba kwa msana uja. Lamba adutse m'nsalu ndi m'pulasitiki momwe asanazungulire chiwongolero, kuti cholemera chigwere papulasitiki, osati pamsoko. Kunsi boolaninso, mumange chingwe chachitatu kukhosi la njinga. Chimenechi ndicho chimaletsa kugwedezeka, ndipo ndicho chimene ambiri amaiwala. Mukatha, ikani katundu, muone kuti zala zitatu zikulowa pakati pa chikwama ndi tayala, mukhotetse chiwongolero mbali zonse ziwiri, mufinye mabuleki. Chingwe chilichonse chotsala chidulidwe.

Pali ena amene amati ndi bwino kungogula basiketi yawaya. Amene ali ndi makwacha ake agule, sindimuletsa. Koma basiketi siteteza ku mvula ndi fumbi, siibisa foni kwa maso a pamsika, ndipo pamsewu wa mabampu mabauti ake amamasuka. Chimene ndimaopa kwenikweni ndi china: chikwama chikalimba, mwini wake amayamba kuchikhulupirira mopitirira. Cholimbitsira sichisintha chikhalidwe cha njinga. Cholemera chikakhala pachiwongolero, njinga imachedwa kumvera dzanja, ndipo pamchenga imakupititsani kumene simunafune. Ine malire anga ndi makilogalamu atatu. Mazira 30 safika makilogalamu awiri, choncho thireyi yodulidwa pakati, theka pamwamba pa linzake ndi nsalu pakati, imakwana bwino. Batire, feteleza ndi madzi a malita asanu malo ake ndi kumbuyo.

Kwa inu amene mumazungulira m'midzi ndi katemera wa chitopa wa I-2, boolani timabowo tingapo pansi pa pulasitikiyo ndipo musatseke chikwama chonse. Katemerayu amapirira kutentha kuposa ena, komabe amafuna kuyenda atakulungidwa m'kansalu konyowa, pamthunzi, pomwe mpweya ukudutsa. Chikwama chofewa chimamufinya pakati pa katundu. Cholimba chimamusiyira mpata pangodya, kutali ndi foni ndi buku.