Kachiwalo kobisala pamwamba pa impso

Akamatumbula mbuzi pamsika wa Luchenza, ndimakonda kusuzumira pafupi ndi impso. Pali kachiwalo kakang'ono mbali iliyonse, kobisala m'mafuta: adrenal gland. Hatchi ili nako, inunso muli nako.

Mkati mwake mumapangidwa adrenaline, uja amagunditsa mtima minibasi ya ku Mulanje ikakuphonyani pamsewu. Chikhungwa chake chimapanga cortisol ndi aldosterone, oyang'anira shuga, mchere ndi BP.

Nkhani yagona apa, anzanga. Mapiritsi a dexamethasone amene ena akumwa kuti anenepe amakagoneka kachiwaloka, kamaleka kupanga cortisol. Mukamwa miyezi kenaka n'kusiya mwadzidzidzi, BP imagwa, mutha kukomoka, mwinanso kumwalira kumene. Ngati munayamba kale, musasiye panokha. Pitani kuchipatala akakuchepetsereni pang'onopang'ono.