Nyumba Iyesedwe Mtengo Ndalama Zisanatuluke

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Jenda kupita pa boma la Mzimba, kapena wolowera ku Embangweni ndi ku Edingeni, amaona nyumba zamalata zimene zidabwera ndi thukuta la ana a m'bomali ogwira ntchito ku Joni. Zina mwa nyumbazi zimagulidwa mwini ndalama ali kutali, atangoona chithunzi pa foni. Apa ndiye pagona ngozi.

Mtengo umene wogulitsa amatchula ndi khumbo la mtima wake chabe. Chiyambire pamene ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, khumbo limeneli lakula. Koma banki siikongoza potsata khumbo la munthu ayi. Imayamba yatuma katswiri wovomerezeka kukaona maziko, denga, malo ndi zikalata, ndi kuyerekeza ndi nyumba zina zogulitsidwa m'deralo. Ngongole imatsata mtengo umene katswiriyo walemba.

Mwachitsanzo, anthu agwirizana K40 miliyoni, ndipo wogula wapereka kale K8 miliyoni ngati chiyambi. Katswiri wapeza kuti nyumbayo ndi ya K32 miliyoni. Banki ichepetsa ngongole. Wogulayo akalephera kukwaniritsa zotsalazo, wogulitsa angathe kunena kuti pangano laphwanyidwa, nakaniza chiyambi chija.

Mankhwala ake ndi ndime imodzi yolembedwa m'pangano asanasainirane. Ndimeyo inene kuti malondawo adzatheka pokhapokha katswiri atatsimikiza mtengo pofika tsiku lakuti. Ndipo kuti mtengo ukapezeka wotsika, wogula ali ndi ufulu wokambirananso kapena kuleka, ndi kulandira ndalama zake zonse. Wogulitsa wachilungamo sataya kanthu, pakuti tsikulo limamtetezanso kuti asadikire kosatha.

Ndimeyo ikhudzenso umwini. Malo ambiri m'dziko la Inkosi ya Makosi M'mbelwa ndi a makolo, ndipo banki imafuna chikalata cholembedwa m'kaundula wa boma ngati chikole. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 lidatsegula njira yolembetsera malo otere, koma pofunika kufufuza ku ofesi ya za malo ku Mzuzu ndalama zisanatuluke.

Aphunzitsi ndi achinyamata otsiriza sukulu ndiwo amawerengera abale awo mapangano ameneŵa. Tsono asachite manyazi kufunsa ndime imeneyi, chifukwa safunsa adadya phula.