Kompyuta yayamba kusaka malungo, koma galasi limakonzedwabe ndi munthu

Lipoti la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti m'chaka cha 2023 anthu pafupifupi 597,000 adamwalira ndi malungo, ambiri mwa iwo kuno ku Africa. N'chifukwa chake nkhani ya mapulogalamu a pakompyuta ounika zithunzi za magazi ikutikhudza.

Kupeza tizilombo ta malungo pa maikulosikopu ndi ntchito yolemetsa maso. Wa mulabotale amapaka dontho la magazi pagalasi, kulidika kuti liume, kulinyika mu utoto wa Giemsa, kenako kuunika malo osachepera 100 asananene kuti mulibe kanthu. Pofika masana, mzere uli pakhomo, diso latopa, ndipo kachilombo kamodzi kakhoza kudutsa osaonedwa.

Ku Uganda, akatswiri a pa yunivesite ya Makerere adapanga kachipangizo komangirira foni ya m'manja pa maikulosikopu. Foni imajambula, pulogalamu n'kuzunguliza malo amene ikuganiza kuti pali tizilombo. Mu 2023 kampani ya Google idapereka madola 1.5 miliyoni ku ntchitoyi, yotchedwa Ocular.

Wina angafunse kuti bwanji osangodalira tizipangizo toyezera mwachangu tija tili m'zipatala zathu zing'onozing'ono. Timathandiza ndithu, koma sitiwerenga kuchuluka kwa tizilombo, chomwe dokotala amafuna kudziwa mwana akadwala mwakayakaya. Komanso ku Eritrea kudapezeka tizilombo tosatulutsa puloteni ya HRP2, imene tizipangizo tambiri timafufuza, kotero odwala enieni ankauzidwa kuti alibe malungo. Maikulosikopu tikuifunabe.

Vuto lili poti pulogalamu imadziwa zokhazo zomwe idaonetsedwa. Imaphunzira kuchokera ku zithunzi zikwizikwi zomwe anthu adalembapo kuti apa pali kachilombo, apa palibe. Ngati zithunzizo zidachokera ku magalasi oyera, opakidwa mwaluso, ikakumana ndi utoto wokhalitsa kapena fumbi ikhoza kuyesa kachitsotso kachilombo. Munthu wozolowera ntchito amakayika, n'kupakanso galasi lina. Pulogalamu imangotulutsa nambala, ndipo nambala ya pakompyuta anthufe timaikhulupirira msanga.

Choncho boma lililonse lofuna kugula luso limeneli liyambe lafunsa kuti pulogalamuyo idayesedwa pa magazi a kuti, opakidwa ndi yani. Lifunsenso komwe zithunzi za odwala zizikasungidwa. Ndipo m'bajeti yomweyo musasowe ndalama za utoto watsopano, magetsi odalirika ndi maphunziro a wa mulabotale amene adzatsimikize zotsatira mwana asanapatsidwe mankhwala.