Mzinga wa pa Mangochi usazulidwe

Mawu afala akuti zikumbutso za nkhondo ya 1914 zomwe zili m'mbali mwa misewu yathu ndi za atsamunda, choncho zizulidwe. Chala chimaloza makamaka mzinga wa Guendolen, sitima ya Angerezi, uja uli pafupi ndi nsanja ya wotchi ku Mangochi, munthu asanawoloke mlatho wa Shire. Ife tikukana. Sitimayo ndi imene mu Ogasiti 1914 inapita ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kukawombera sitima ya Majeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda ikukonzedwa. Kuyambira pamenepo nyanja inakhala m'manja mwa Angerezi, ndipo ndi pamadzipo pomwe ankadzera asilikali opita kumpoto. Pa 9 Seputembala mfuti zinalira pa Karonga, ndipo ambiri mwa amene anagwa tsikulo, mbali zonse ziwiri, anali asilikali akuda.

Ofuna kuzula ali ndi mfundo imodzi yolemera: mkanganowo sunali wathu. N'zoona, ndipo John Chilembwe ananena zomwezo m'kalata yomwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, magazi a pa Karonga ali m'maganizo mwake. Koma eni mkangano anali ena, osenza katundu anali ena. Amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya tengatenga, ambiri mokakamizidwa, matumba a ufa ndi mabokosi a zipolopolo pamutu, phazi lili pansi, kamwazi ndi njala zikuwatha m'njira. Makolo athu anaipatsa nkhondoyi dzina lawolawo, Chiwaya, potengera mfuti yolavula zipolopolo ija. Nkhondo yongoimvera patali anthu saitcha dzina.

Ena amati zolembedwa pa zikumbutsozi zimatchula azungu okha. Pamenepa mbali ina akunena zoona: pa manda a nkhondo ku Karonga mayina oonekera ndi a azungu. Komatu vutoli likufuna cholembera, osati khasu. Chipilala cha asilikali a King's African Rifles ku Zomba chili ndi mayina a Amalawi, umboni woti n'zotheka. Nthambi yoona za mbiri yakale iike zikwangwani pambali pa mzinga wa Mangochi ndi pa Karonga, m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chinkhonde, zofotokoza za atengatenga ndi za kalata ya Chilembwe, zilembo zake zikuluzikulu zoti wodikira minibasi aziwerenga ali chiimire.