Lusaka wa m'tsogolo tamuona pa TV, nanga Kafue adzamujambula ndani?

Tsiku lina madzulo, malaiti atangobwera, ndinapeza ana atatu a mlongo wanga ataunjikana pa foni imodzi pakhonde. Anali kuonerera katuni ya Supa Team 4. Wamng'ono anandiyang'ana nati, "Amalume, kodi Lusaka uyu ndiye uja timapitako pa minibasi?" Ndinaseka, koma funso lake silinandicoke m'mutu. Pa makatuni onse amene mwanayu waona cibadwire, aka kanali koyamba kuganiza kuti malo a pa TV angakhale kwao.

Kwa amene simunaione, Supa Team 4 inatuluka pa Netflix mu July 2023. Anaiyambitsa ndi a Malenga Mulendema, mlembi wa kuno ku Zambia, ndipo anaipanga ndi a Triggerfish a ku Cape Town pamodzi ndi a CAKE a ku London. Nkhani yake ndi ya atsikana anai a sukulu, Komana, Monde, Temwe ndi Zee, amene amateteza mzinda wa Lusaka wa m'tsogolo motsogoleredwa ndi Mama K, mai wacikulire amene kale anali kazitape. Nyimbo yoyambira anaimba Sampa the Great.

Kuti timvetse kukula kwa nkhaniyi, tikumbukire Africa amene tinakula tikumuona. Mu The Lion King ya 1994 muli mikango, afisi ndi anyani, munthu mulibe ndi mmodzi yemwe. Adventures in Zambezia ya 2012 inaika nkhani yake pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, koma okhalamo ndi mbalame. Black Panther ya 2018 inabweretsa anthu, inde, koma Wakanda ndi dziko lopeka: cinenero anatenga ciXhosa ca ku South Africa, mabulangeti anatenga kwa Abasotho, zina ku Ethiopia, nkusakaniza zonse mumphika umodzi. Zinakoma m'maso, koma palibe ambuya amene angaloze nkunena kuti apa mpathu.

Supa Team 4 inacita bwino pa zinthu zimene ine ndimaziona kuti ndi zathu. Amene agwira ciongolero ndi munthu wamkulu, ndipo ana amapita kwa iye kukamva nzeru. M'makatuni ambiri akunja makolo amakhala opusa kapena sapezeka, mwana ndiye amadziwa zonse. Cina ncakuti ngwazi si mmodzi. Atsikanawa amakangana, amakhumudwitsana, koma aliyense payekha sapambana. Mutu umodzi susenza denga, ndipo katuniyi imaphunzitsa zimenezi popanda kulalikira. Ngakhale kuzima kwa malaiti kuli momwemo, vuto limene mwana wa ku Kafue Estates safunika womufotokozera.

Koma ndili ndi madandaulo awiri, ndipo sindiwabisa.

Loyamba ndi cinenero. Katuniyi inatuluka m'Cingerezi, ndipo anaimasuliranso m'Cizulu. Nkhani ya Lusaka, mzinda umene ogulitsa ku Soweto Market ndi makondakitala amalankhula Cinyanja tsiku lonse, sinabwere m'Cinyanja. Madzulo aja amai anga anakhala pambali pa adzukulu ao, akuona zithunzi zikuthamanga koma osatolapo kanthu. Kale nthano inali ya banja lonse. Ambuya akayamba, ana amavomera kuti ali pamodzi nao, ndipo pamapeto pamakhala mafunso. Lero mwana amaseka yekha, ambuya ali duu. Ulemu kwa akulu umene katuniyi ikuonetsa umathera pa galasi la foni, cifukwa wamkulu weniweni wa pakhomo watsekeredwa kunja.

Laciwiri ndi mmene timaganizira tsogolo. Pafupifupi mafilimu onse a zasayansi amajambula mawa ngati nyumba zitalizitali ndi makina anzeru. Ife a ku Kafue tiyenera kukaikira cithunzi cimeneci kuposa wina aliyense, cifukwa tauni yathu inali tsogolo la Zambia nthawi ina. Nyumba za Estates zinamangidwira anchito a m'mafakitale monga Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba nchito mu 1970, ndi Kafue Textiles. Makolo athu anabwera kucokera ku Chipata, ku Mongu, ku Kasama, akukhulupirira kuti makina adzadyetsa ana ndi adzukulu. Fakitale ya nsalu inatsekedwa, nchito zinacepa. Cimene cinasunga mabanja ndi cilimba ca amai, dimba la m'mbali mwa mtsinje, ndi anansi amene amasonkha ufa pa maliro. Filimu ya tsogolo imene ilibe zinthu izi ikunena theka la coonadi.

Taganizirani nkhani ya Kafue wa caka ca 2070. Zipangizo zake tili nazo kale. Mu 2024 cilala cinaumitsa dziko, boma linalengeza kuti ndi ngozi ya dziko lonse, ndipo tinakhala maola ambiri mumdima ngakhale kuti Kafue Gorge Lower, ya mamegawati 750, ili pafupi nafe. Ena mwa madzi amene anthu a ku Lusaka amamwa amatungidwa mumtsinje wathu womwewu. Ndiye madzi akadzacepa, adzayamba kumwa ndani: msodzi, mlimi, fakitale kapena mzinda? Mlandu wotere adzaweruza ndani, kompyuta kapena bwalo la akulu? Imeneyi ndi nkhani ya sayansi yeniyeni, ndipo palibe wa ku Hollywood amene angailembe bwino kuposa mwana wokulira pano. Ndiponso kulota zakumwamba si kwacilendo kwa ife. Mu 1964 a Edward Mukuka Nkoloso anali kuphunzitsa acinyamata ulendo wa kumwezi powagubuduza m'migolo. Dziko linawaseka, koma mu 2014 nkhani yao inakhala filimu yaifupi ya Afronauts, yopangidwa ndi Nuotama Bodomo wa ku Ghana. Nkhani yathu, wojambula wakunja.

Ena adzati makatuni amadya ndalama zambiri, ndipo Cingerezi ndico cimagulitsa kunja. Ndikuvomera. Popanda ndalama za Netflix mwina Supa Team 4 sikanaoneka nkomwe, ndipo a Mulendema ayenera kuthokozedwa potsegula khomo. Koma kuika mau a Cinyanja, Cibemba kapena Citonga pa katuni yojambulidwa kale sikufuna ndalama zofanana ndi kuijambula. Ngati zinatheka m'Cizulu, zingathekenso kwa ife. A ZNBC ndi ena oulutsa pa TV ayenera kulimbikira zimenezi, kuti mwana amene kwao sakwanitsa mabandulo naye aone.

Pamene tikuyembekeza, nchito ili pakhomo. Tisamangopatsa ana foni kuti atisiye tipume. Tikhale nao, tiwafunse kuti wolakwa ndani ndipo cifukwa ciani, kenako afotokozere ambuya nkhani yonse m'cinenero cathu. Ine ndinayesa madzulo aja. Mtsikana wamkulu anafotokoza mpaka thukuta, akusowa mau a Cinyanja apa ndi apo, ambuya akumuthandiza. Atamaliza, amai anafunsa kuti, "Nanga makolo a atsikanawa amadziwa kumene ana ao amapita usiku?" Mkangano umene unabuka pamenepo unatha nsima itazizira.