Loti adaona msipu, sadafunse za eni mudzi

Nkhani ya malo ndi nyumba ili pakamwa pa aliyense m'mizinda yathu masiku ano. Kalembera wa 2008 adapeza anthu oposa 670,000 mumzinda wa Lilongwe, koma pofika 2018 chiwerengerocho chidali pafupifupi 990,000. Anthu onsewa afunika pogona. Nyumba za Malawi Housing Corporation, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1964, zidachepa kalekale, choncho mabanja ambiri akugula poloti kapena nyumba kwa munthu, kudzera mwa madobadoba, m'madera omwe dzana lomweli adali minda ya chimanga. Banja likatopa ndi lendi limasonkhanitsa ndalama za penshoni, za kubanki mkhonde ndi ngongole ya kuntchito, n'kuzikhuthulira pamalo amodzi. Wolakwitsa pamenepo alibe kobwerera msanga.

Mafunso amene timafunsa wogulitsa timawadziwa tonse: mtengo, madzi, magetsi, kutalika kwa ulendo wa kusiteji ya minibasi. Ochenjera amapitanso kukhonsolo ndi kuunduna wa zamalo kukatsimikiza kuti malowo sadagulitsidwe kale kwa anthu ena awiri. Chidzereni namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, pamene matope ochokera m'phiri la Soche adakwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe, tidaphunzira kuyang'ananso kumene madzi amadzera. Zonsezi n'zoyenera. Koma pali funso lina limene timalifunsa mochedwa, katundu atalowa kale m'nyumba: kodi kuno kukada kumakhala bwanji?

Pa Genesis 13 timawerenga za munthu amene adasankha malo ndi maso okha. Abusa a ziweto za Abramu ndi a Loti atayambana, Abramu adapatsa mwana wa m'bale wakeyo mwayi wosankha poyamba. Loti adaona chigwa cha Yordano, chothiriridwa bwino, ndipo adachitenga, namanga mahema ake kufupi ndi Sodomu. Wolemba akutiuza pomwepo kuti anthu a mumzindawo adali oipa kwambiri, koma palibe pamene tikumva kuti Loti adafunsako za iwo. M'mutu wotsatira, mafumu atathira nkhondo mzindawo, Loti adagwidwa pamodzi ndi chuma chake, mpaka Abramu adachita kumulanditsa ndi anyamata 318. Potsiriza adatulukamo usiku utangotha, chimanjamanja, ndipo mkazi wake adatsala panjira. Msipu udalipodi, maso ake sadamunamize. Chimene sadachione ndi mtima wa anthu omwe adakakhala nawo.

Alipo Akhristu ena amene amati kufufuza zoterezi n'kuchepa chikhulupiriro, poti wosunga mudzi ndi Yehova monga Salimo 127 likunenera. Ife sitikugwirizana nawo. Nehemiya adali munthu wa pemphero, komabe atafika ku Yerusalemu adakhala masiku atatu, kenaka adadzuka usiku ndi anthu owerengeka kukayendera malinga ogumuka asadauze aliyense cholinga chake. Adani atayamba kuopseza, iye ndi anzake adapemphera, naikanso alonda usana ndi usiku. Pemphero ndi ulonda zidayendera limodzi.

Tingatengerepo nzeru pa ulendo wa usikuwo. Dobadoba amationetsa nyumba Loweruka m'mawa, dzuwa likuwala, ana akusewera pabwalo. Tiyeni tibwererenso patokha madzulo, nthawi imene anthu akuweruka, ndiponso kumapeto kwa mwezi pamene malo omwera mowa adzaza. Tione ngati amayi akuyenda momasuka kuchokera kumsika kutada, ngati akabaza amalola kulowa m'njira imeneyo usiku, ndi mmene njira ya ana yopita kusukulu ilili. Tifunse amayi apamjigo, mlonda wa nyumba yoyandikana nayo, mfumu ya deralo ndi apolisi apafupi. Za apolisi tikumbukire kuti m'mabuku mwawo muli milandu yokhayo imene idakanenedwa; wobedwa nkhuku kapena zovala pachingwe kawirikawiri sapita kupolisi, ndipo nkhanza za m'banja zambiri zimathera kuchipinda. Ife opemphera tili ndi mwayi wina umene sitiugwiritsa ntchito: pafupifupi dera lililonse lili ndi mlaga kapena mphakati, ndipo abale akumeneko alibe chimene apindule potinamiza. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Pofunsapo tisamale chinthu chimodzi, chifukwa apa ndi pamene ambiri timaphonya. Timafulumira kuweruza dera ndi dzina lake. Munthu akamva za Ndirande, Mtandire kapena Chinsapo amagwedeza mutu, akamva za Namiwawa kapena Area 43 mtima umakhala pansi, ngati kuti umphawi ndi umbava n'chinthu chimodzi. Kalata ya Yakobo, mutu 2, imadzudzula tsankho lotere pakati pa okhulupirira. M'madera othithikanawo mumakhala aphunzitsi, anamwino, akulu ampingo ndi alonda omwe amakalondera nyumba za kumayadi zomwezo. Kumeneko mlendo akangoima pakhomo la wina, maso khumi amuona kale. Kumayadi mpanda wautali wokhala ndi waya wamagetsi umatchinga wakuba, inde, koma akangolowa umamubisanso, ndipo woyandikana naye nyumba, amene mwina sadziwa n'komwe dzina la mnzakeyo, amangomva agalu akuuwa n'kutembenukira kukhoma. Sitikunena kuti m'makomboni mulibe umbanda. Ulimo, ndipo okhalamo amaudziwa kuposa ife. Tikunena kuti kutalika kwa mpanda sikuyankha funso lenileni, lomwe ndi ili: tikakuwa pakati pa usiku, adzatuluka ndani?

Funsoli lili ndi linzake, lowawa kulifunsa: akatuluka n'kumugwira woganiziridwayo, amamuchita chiyani? Tamvapo anthu akuyamikira dera lawo kuti kuno akuba adasiya chifukwa tikagwira timaotcha. Ogula ena amamva zimenezi ngati uthenga wabwino. Mkhristu ayenera kunjenjemera nazo. Mu 2016 ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu idadandaula poyera za kuchuluka kwa anthu ophedwa ndi magulu olusa m'dziko muno, ndipo mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu m'chigawo cha kummwera popanda umboni uliwonse. Gulu lonyamula miyala ndi petulo silifunsa dzina. Lero ndi wakuba weniweni, mawa ndi mnyamata wodwala misala, mkuja ndi mwana wathu amene wachedwa kuchokera kumapemphero a usiku ndipo anthu sadamuzolowere nkhope. Chilamulo cha Mose, pa Deuteronomo 19, sichidalole kuti munthu atsutsidwe ndi mboni imodzi yokha, ndipo Malamulo aakulu a dziko lino amati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Tikudziwa kuti anthu amakwiya akaona wogwidwa dzulo akuyenda lero pabelo, ndipo apolisi ndi makhoti ali ndi ntchito yofotokozera anthu tanthauzo la belo ndi kufulumizitsa milandu. Komabe dera limene lidazolowera kukhetsa mwazi si malo olererako ana, ngakhale mutakhala kuti simusowa ndi supuni yomwe.

Chimene tiyenera kufunafuna ndi dera limene anthu ake adagwirizana mwadongosolo. Apolisi a dziko lino adayamba ndondomeko ya chitetezo cha m'madera mu 1997, ndipo lamulo la apolisi la 2010 lidaikhazikitsa. Kumene ikuyenda bwino kumakhala komiti yodziwika, anthu oyendera usiku ali ndi mawisilo ndi matochi, zopereka za pamwezi zolembedwa m'buku, ndipo wogwidwa amaperekedwa kupolisi ali wamoyo. Kumene idafa mudzamva madandaulo akuti ndalama zimangosowa, kapena kuti olonderawo ndi omwe amalozera akuba nyumba. Kufunsa za komiti imeneyi kumatiuza zambiri kuposa kuwerenga mipanda.

Dongosolo lotere si lachilendo kwa owerenga Baibulo. Pa Nehemiya 3 mabanja angapo adakonza linga pandunji pa nyumba zawo. Pa mutu 4 adapangana kuti kumene lipenga lalira onse athamangire komweko. Pa mutu 7 alonda adasankhidwa mwa okhala mumzinda momwemo, ena pafupi ndi makomo awo. Chitetezo chimenecho sichidagulidwe pamodzi ndi nyumba. Eni mudzi adachita kuchimanga.

Apa ndiye kuti nafenso tikufufuzidwa. Pamene tikufunsa za anansi, iwonso akufunsana kuti akubwerayu ndi wotani. Ambiri a ife tikangogula timayamba ndi mpanda ndi geti, timatuluka m'mawa pagalimoto kupita kutchalitchi cha kutali, ndipo wotolera zopereka za chitetezo akagogoda timatuma mwana kukanena kuti bambo kulibe. Maliro akagwa pafupi timangotumiza chipepeso. Yeremiya adalembera akapolo a ku Babulo, mzinda umene sadausankhe okha, kuti amange nyumba, alime minda, ndipo aufunire mtendere ndi kuupempherera, chifukwa mtendere wawo udali momwemo. Ife malo timachita kusankha tokha. Pa bajeti ya nyumbayo, pambali pa simenti ndi malata, pakhalenso chopereka cha pamwezi cha olondera ndi nthawi yokakhala nawo pamsonkhano wa kwa amfumu.